Chiwanda Chosamva Chiswidishi

Mlamu wanga Tamaki ndi munthu yekhayo m'tauni yathu ya Kramfors, kuno ku Sweden, amene amawerama pothokoza dalaivala wa basi. Ndikudziwa bwino chifukwa dalaivala wakeyo ndine. Anthu a kwathu kuno amangokwera, kugunditsa khadi, n'kukakhala kutali ndi mnzawo ngati ali ndi mphere. Iye yekha amaima kaye pakhomo, mphepo ikulowa, anthu akunjenjemera kumbuyo kwake, n'kuweramitsa mutu. "Zikomo, achemwali." Ndamuuza mpaka kukamwa kuuma kuti dzina langa ndine Pernilla, kuno ngakhale bwana timangomutchula dzina. Koma ayi ndithu, akuti kwawo mlongo wa mwamuna wako sumamuitana ngati ukuitana galu. Ndinangozisiya.

Anabwera naye ndi mlongo wanga Pontus. Kuntchito kwake anamutumiza ku Japan kukaphunzitsa anthu makina odulira mitengo, iye n'kubwerako ndi mkazi. Tonse tinadabwa, chifukwa Pontus ndi uja woti mutha kuyenda naye pagalimoto kuchokera kuno mpaka kumzinda wa Sundsvall, ulendo woposa ola, osamva liwu lina kupatula loti mafuta atsala pang'ono. Anafunsira bwanji, mpaka lero sindidziwa. Tamaki kwawo ndi ku Kochi, kotentha, kufupi ndi nyanja, ndipo ankagwira ntchito yolandira anthu kwa dokotala wa mano. Atafika kuno ntchito imeneyo inatheratu, poti ungalandire bwanji anthu usakuwamva? Anamulemba m'sitolo yaikulu ya pakati pa tauni kuti azikulunga sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga ndi nsomba. Anangomuona nkhope basi n'kumupatsa mpeni. Chikhalirecho mayiyu anali asanakulungepo chinthu chimenecho chibadwire, kwawo amangogula. Anamuphunzitsa ndi mnzake wa ku Eritrea amene anayamba kale ntchitoyo.

Ife timamudziwa ngati munthu wofatsa, wa mawu ochepa, womwetulira pa chilichonse. Ndinadzadabwa tsiku lina nditamupeza akuyankhula pa foni ndi anzake a kwawo. Abale inu! Pakamwa pali yaviyavi, manja m'mwamba, akusinthasintha mawu kutsanzira anthu, anzakewo akuseka mpaka kupukuta misozi. Ndinafunsa Pontus kuti kodi akukamba chiyani. "Kaya," iye anatero. "Akuti kwawo ndiye anali katswiri wa nthabwala." Zaka zonsezi ali m'banja, Chijapani cha Pontus n'chongokwanira kuitanitsa mowa ndi kupepesa. Foni itaduka Tamaki anabwerera kukhala wofatsa uja, n'kundifunsa ngati ndimwe khofi. Zinandimvetsa chisoni, sindibisa. Wa ku Japan mnzake wapafupi ndi mayi wina wa ku Sundsvall, ndipo anakumanapo kamodzi, magazi awo sanagwirizane.

Ndiye Marika atabadwa, Tamaki anapeza munthu woyankhula naye. Anapangana ndi Pontus kuti bambo aziyankhula Chiswidishi, mayi Chijapani, mwana azitola zonse. Kunena zoona panalibe mpikisano. Pontus amakhala kunkhalango sabata yathunthu pa makina ake, ndipo akabwera amangoti "eee" ndi "aaa". Nyumba ija inadzaza Chijapani kuyambira m'bafa mpaka m'khitchini. Tamaki ankamufotokozera khanda chilichonse, dzina la supuni, dzina la mbalame, mbiri ya anthu a pa basi. Mwanayo atayamba kuyankha, kunali kulongolola tsiku lonse, awiriwo akuseka zinthu zoti ife sitikuzimva. Mayi athu ankadandaula kuti mdzukulu wawo akuwayang'ana ngati mlendo. Ine ndinkawauza kuti adekhe, dziko lonse lino ndi la Chiswidishi, mwana alithawira kuti?

Kwawo kwa Tamaki munthu salowa m'nyumba mwakachetechete ngati mbala. Ukatsegula chitseko umafuula kuti "tadaima", ndiye kuti ndabwera, ndipo amene ali m'katimo amayankha kuti "okaeri", wabwera kwanu. Zaka zoyamba zija Tamaki ankafuula yekha, nyumba ili zii, Pontus ngakhale alipo amangokweza dzanja ali pa mpando. Koma Marika atangodziwa kuyenda, mawu amenewo anakhala ake. Ndinaziona kangapo ndikumulera, mayi ake atapita kuntchito Loweruka. Kiyi akangolira pachitseko, kamwanako kanali liwiro, masokosi akuterera, kakukuwa "okaeri" kuchokera kuchipinda. Tamaki ankagwada pomwepo ndi jekete yake yodzaza chipale chofewa, matumba ali pansi.

Kenako inafika nthawi ya sukulu ya mkaka. Chaka choyamba zinali bwinobwino, mwana akusakaniza ziyankhulo ngati saladi. Chaka chachiwiri Chiswidishi chinayamba kulemera. Mayi akafunsa m'Chijapani, mwana ankayankha m'Chiswidishi. Ankamva zonse, palibe chimene chinkamudutsa, koma pakamwa pake panali patatembenuka. Tsiku limene zinathera ndinaliona ndi maso angawa pa galasi la basi. Anakwera awiriwo madzulo, pamodzi ndi ana ena a kusukuluko ndi makolo awo. Tamaki anayamba kumuonetsa mwana china chake pawindo, akuyankhula mwansangala muja amachitira. Kamtsikana kena kanatembenuka n'kumawayang'ana, osaseka ayi, kungoyang'ana. Marika anatenga dzanja lake la golovesi n'kutseka pakamwa pa mayi ake.

"Mama, muziyankhula bwinobwino ngati anthu."

Tamaki anamwetulira, anachotsa kadzanjako pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pawindo mpaka potsikira. Potsika anandiweramira monga mwa masiku onse. Ine ndinadutsa siteji yotsatira osaima, mkulu wina n'kundilalatira.

Kuyambira pamenepo Marika sanatulutsenso liwu la Chijapani, ngakhale limodzi. Agogo ake a ku Kochi akaimba foni ankangowagwedezera dzanja n'kuthawira kuzidole. Kiyi akalira pachitseko sankathamanganso. Tamaki ankafuulabe kuti wabwera, yankho lake likumakhala phokoso la TV, kapena ka "hej", moni wa Chiswidishi, kochokera kutali. Iye sanasiye kuyankhula naye Chijapani. Ankamuveka akuyankhula, kumusambitsa akuyankhula, kumugoneka akuyankhula, ngati wailesi yoiwalika m'nyumba yopanda anthu.

Ndinamukalipira Pontus. Ndinati iwe, mkazi wako akuuma uli pompo, sukuona? "Zidzatha zokha," iye anatero. "Anesi a kusikelo anena kuti ana ambiri amatero. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinamuuza kuti nkhono yake ndi iyeyo, ndipo maso ake sitinawaonepo chibadwire. Anangoti "eee".

Tamaki sadandaula, koma tsiku lina tikutsuka makapu ananena yekha ndisanamufunse. Anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu monga amachitira. "Achemwali, m'Chiswidishi ine ndine mwana wa zaka zisanu. Ndimadziwa kupempha, kuthokoza, kufunsa mtengo. Marika atsala pang'ono kundipitirira. Akadzakula, mtima ukadzamupweteka, ndidzamuuza chiyani? Kuti valani chipewa kunja kukuzizira?" Anapukuta kapu imodzi nthawi yaitali. "Sadzadziwa n'komwe kuti mayi ake amaseketsa." Ine wolongolola uja ndinangopitiriza kutsuka makapu.

Chakumayambiriro kwa February anandiimbira foni. Anayamba ndi kupepesa, kenako kupepesanso, ndiyeno n'kundifunsa ngati ndingalole kukhala chiwanda. Ndinati mwamuna wanga wakale angakuuze kuti ntchito imeneyo ndinaiyamba kale. Anandifotokozera kuti kwawo, nyengo yozizira ikamatha, bambo wa m'nyumba amavala chigoba cha chiwanda n'kubwera pakhomo akubangula. Ana amamugenda ndi soya wokazinga akukuwa kuti chiwanda panja, mwayi m'nyumba, mpaka chiwandacho chithawe. Pontus anali kunkhalango, ndiye panatsala ine. Nyengo yozizira ikamatha! Kunja chipale chinali chofika m'chiuno.

Ndinadziwa kuti nkhani sinali ya soya. Sabata yonseyo Tamaki anakhala akuimba mawu ogendera aja m'nyumba, pophika, posesa, Marika ali chete koma khutu lili komweko. "Ndi mawu afupiafupi," anandiuza. "Ndipo m'Chiswidishi mulibe. Akafuna kuthamangitsa chiwanda, alibe kuchitira mwina." Maso ake anali akuwala ngati munthu amene watchera msampha wabwino. Chigobacho anapanga yekha ndi katoni ya kusitolo, anachipaka utoto wofiira, nyanga ziwiri zachikasu, mano otuluka, tsitsi la ulusi wakuda ndi lasitiki wokolera m'makutu. Chinali choopsa ndithu, ine ndemwe ndinadzidzimuka nditadziona pagalasi la galimoto.

Chimene tonse awiri tinaiwala ndi Khirisimasi. Panali patangopita milungu yochepa chichokereni tsiku limene bambo athu anavala ndevu zoyera ndi chipewa chofiira, monga amachitira chaka chilichonse, n'kugogoda pakhomo ngati Tomte wobweretsa mphatso. Tonse tinamuphunzitsa Marika mwambo wake, ine, mayi athu, ngakhale Pontus. Mlendo wobisa nkhope akagogoda m'nyengo yozizira sumuthawa. Umamutsegulira, umamugwira dzanja, umamukhazika pa mpando wabwino n'kumupatsa phala la mpunga, chifukwa wachokera kutali ndipo wazizidwa. Mwanayo anachita zonsezo bwinobwino, tonse tinamuombera m'manja.

Ndiye tsiku la soya lija ndinafika nditaweruka, kunja kutada kale ngakhale anthu anali asanadye chamadzulo. Ndinavala chigoba, ndinamenya chitseko ndi chibakera, ndinabangula mpaka galu wa aneba anayankha. Tamaki anatsegula n'kudumphira kumbuyo, akukuwa mawu aja, akundigenda ndi mphamvu zake zonse. Soya amapweteka, musamuone kuchepa. Marika anali ataima pakati pa khonde la m'nyumba, kabokosi ka soya kali m'manja, maso ali tong'o. Ndinabangulanso, ndikupalasa m'mwamba. Mayi ake anamugwira phewa, akumulimbikitsa, akubwereza mawuwo pafupi ndi khutu lake. Ndinaona milomo ya mwanayo ikugwedera. Ndinati basi, zatheka.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima, n'kundigwira chala.

"Lowani, kunja kukuzizira," anatero m'Chiswidishi chomveka bwino. "Phala latha, koma kuli soya. Mama, musamugende, ndi mlendo."

Mukanatani inu? Ine ndinaphulika kuseka m'chigobamo. Anandikokera pa mpando, anandithira soya m'manja, anandifunsa ngati ndabwera ndi mphatso. Ndinavula chigobacho misozi ya chiseko ikutsika, iye n'kunena kuti anadziwa kale kuti ndi azakhali chifukwa cha nsapato za kuntchito. Tamaki nayenso anaseka, anaomba m'manja, anamuuza mwana m'Chijapani zinazake zomuyamikira. Mwana anayankha m'Chiswidishi kuti akufuna madzi. Kenako mlamu wanga anatenga tsache n'kuyamba kusesa soya yense uja, mmodzimmodzi, mpaka wa pansi pa shelefu ya nsapato. Atamaliza anati akukataya zinyalala. Anatola chigoba chija pa tebulo n'kutuluka nacho pamodzi ndi thumba, wopanda jekete, atavala masilipasi a m'nyumba.

Anachedwa. Ndinasuzumira pawindo la kukhitchini n'kumuona ataima pafupi ndi bini, pansi pa getsi la panja, thumba ataponya kale koma chigoba chikadali m'manja. Mapewa ake ankagwedezeka. Mwatsoka aneba awo, bambo wachikulire uja wa galu, anatulukira pa ngodya. Tamaki salira pamaso pa anthu, ngakhale tsiku limene bambo ake anamwalira anapita kuntchito. Analibe mpango, analibe chipewa, ndiye anangokweza chigoba chija n'kuchivala. Mkuluyo anayang'ana chiwanda chofiira chitaima m'chipale ndi masilipasi, anati "hej", n'kupitiriza ulendo. Anthu a kwathu kuno ndi otero, samafunsa.

Sindinadziwe kuti Marika wakwera pa mpando pambali panga. "Azakhali, chiwanda china icho! Chilibe jekete." Ndisanamugwire anali atafika kale pachitseko, wachitsegula. "Iwe chiwanda! Bwera, uzizidwa!" Chiwanda sichinasunthe. Anaitananso mokweza, anapondaponda pansi, koma chinangoima chitayang'ana kumbali. Anatembenukira kwa ine, nkhope itayamba kukwinyika. "Bwanji sichikubwera?"

Sindikudziwa kumene ndinazitenga. "Chimenecho si cha kuno ngati ine," ndinatero. "Chachokera ku Japan. Sichimva Chiswidishi."

Mwanayo anaima atagwira chitseko, mphepo ikulowa m'nyumba yonse. Anayang'ana kumsewu ngati kuli anthu. Kunalibe. Kenako anatulutsa mutu panja n'kuitana ndi kamawu kakang'ono, kokhala ngati kachita dzimbiri.

"Okaeri."

Chiwanda chinatembenuka. Chinabwera pang'onopang'ono, masilipasi akumira, mpaka pa sitepe. Chinagwada pomwepo, ndipo m'kati mwa katoni munatuluka mawu aja akuti "tadaima". Marika anachigwira dzanja n'kuchilowetsa. Apo ndiye mtsinje unasefukira. Anachikhazika pa mpando, anachifunditsa bulangeti, akuchifunsa mafunso m'Chijapani motsatizana, chiwanda chikuyankha ndi mawu aakulu okalipa, chikugwedeza nyanga. Sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma posakhalitsa mwana anali akugubuduka pansi ndi chiseko, akupempha kuti chibwerezenso. Ine ndinakhala m'khitchini ndikumwa khofi wozizira, mlendo tsopano ndili ine.

Ndinapita kunyumba ndikuimba nyimbo. Ndinamuimbira Pontus kunkhalango kumuuza kuti nkhono yatulutsa maso. Ndinafulumira. M'mawa mwake Tamaki anadzutsa mwana m'Chijapani, mwana n'kuyankha m'Chiswidishi ngati palibe chinachitika. Madzulo anayesa kumukumbutsa nthabwala za dzulo lake, iye anangoti, "Mama, zimenezo ndi za chiwanda." Chigoba chikavalidwa, pakamwa pamatseguka. Chikavulidwa, basi.

"Kodi sakudziwa kuti ndiwe?" ndinamufunsa Tamaki patapita milungu ingapo.

"Akudziwa. Anazindikira nsapato zanu, angalephere masilipasi anga?"

"Nanga bwanji?"

"Chiwanda chikhoza kuyankhula zachilendo, achemwali. Palibe amachita nacho manyazi. Koma mayi ayenera kukhala ngati amayi a anzake."

Ndinakwiya, ndinati ndikamukhazika pansi mwanayo ndimuuze zoona, wakula mokwanira. Tamaki anandigwira mkono, koyamba chidziwireni. "Chonde musatero. Dzulo wauza chiwanda kuti mnzake wina amamukankha pa katungwe. Ine sanandiuze." Anati chiwandacho chinamulangiza bwino, ndipo chinamuseketsa mpaka anaiwala kulira.

Papita chaka tsopano. Chigoba chija chaphatikidwa ndi selotepi kawiri, nyanga imodzi inapindika, utoto wa pamphuno unasuluka. Pontus akuti waphunzirako mawu ena atatu, ndipo amanyadira ngati wamanga nyumba. Agogo a ku Kochi akaimba foni, Tamaki amavala chigoba n'kukhala pambali pa mwana, ndipo atatuwo amacheza bwinobwino. Mayi wachikulireyo sanafunsepo chifukwa chake.

Lachisanu lapitali Pontus anali pakhomo, ndiye anakamutenga yekha mwana kusukulu. Tamaki anakwera basi yanga ya madzulo ali yekha, atatopa, akununkha viniga wa mpunga, matumba awiri m'manja. Anatsika pa siteji ya pafupi ndi nyumba yawo, anandiweramira, ine n'kukhalabe pomwepo podikira gogo wina amene ankabwera ndi ndodo. Kuchokera pampando wanga khomo lawo limaoneka bwino. M'nyumba munkayaka magetsi, pawindo pakuoneka mutu wa Marika akuonera TV. Tamaki anakwera masitepe, anaika matumba pansi, anatulutsa kiyi. Anaima kaye pang'ono atayang'ana chitseko chake chomwe. Kenako anatsegula chikwama cha kuntchito, anatulutsa chigoba, anakola lasitiki kukhutu lina, kenako linalo, anakonza tsitsi la ulusi lija kuti likhale bwino. Atatero ndiye analowetsa kiyi.